Foni Yolandiridwa ndi Manja Awiri

Ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti pa ntchito zonse zimene ndinagwira, imene ndimanyadira ndi iti. Mumaganiza kuti nditchula zaka za ku nyuzipepala. Ayi. Ndi ntchito yomaliza, ya ku Nathenje, ndipo nkhani yake ndi ya nkhuku, foni imodzi, ndi mayi wina wa kufupi ndi Mitundu. Koma kuti muimvetse, ndiyambire kumene ndinaphunzitsidwa kuyang'ana.

Ntchito yoyamba, Lilongwe

Ndinalowa ku nyuzipepala ndikulota kukhala mtolankhani wothamanga m'mbuyo mwa nduna. Anandikhazika pa tebulo lokonza masamba. Ntchito yanga inali kudula nkhani zotalika, kulemba mitu, ndi kuyeza pamene chithunzi chikwane. Bwana wanga anali a Kamwendo, mkonzi wamfupi, wa mawu ochepa, amene sankavula tayi ngakhale dzuwa la Okutobala litavuta motani. Nditakonza tsamba langa loyamba la gawo la Chichewa, ndinawatengera ndili ndi chimwemwe. Analiyang'ana, nalipinda pakati, n'kundibwezera. "A Mwale, tandiwerengereni nkhani yaikuluyo." Mutu unalipo, koma chiganizo chonena kuti mlatho watsekedwa chinali chitagwera kuseri, kunsi kwa popindapo. "Inu mwakonza tsamba la pa tebulo," anatero. "Ndani amawerengera nyuzipepala pa tebulo lanuli? Pitani ku depoti mukaone mmene venda amaigwirira."

Ndinapita, ndinakhala pa depoti ya mabasi m'mawa wonse. Venda amaipinda pakati n'kuikoleka pamkono, theka la m'munsi n'kuyang'ana pamimba pake. Munthu amene ali pawindo la basi amaona theka la pamwamba lokha, ndipo ambiri amangowerenga pomwepo osagula. Kuyambira tsikulo ndinasunga malamulo awiri a mkulu uja. Mawu amene angapulumutse munthu azikhala pamwamba pa popindira. Ndipo tsamba usalikhulupirire mpaka utaliona m'manja mwa woliwerenga.

Ndinakhala pa tebulo limenelo zaka zambiri. Ndalama zakunja zikasowa m'dziko, mapepala osindikizira ankasowanso, ndipo loyamba kudulidwa linkakhala gawo la Chichewa. Kenako anthu anayamba kuwerenga nkhani pa foni, mavenda anachepa, ndipo tsiku lina anatiitana mmodzimmodzi ku ofesi ya abwana n'kutichotsa ntchito. Ndinabwerera kwathu ku Nathenje ndili ndi imvi, koma zaka zopumira pa ntchito zisanakwane.

Chaka choyamba ku Nathenje

Bungwe lina laling'ono lothandiza alimi linali ndi ofesi pa Nathenje, kuseri kwa sitolo yogulitsa zipangizo za njinga, pafupi ndi msewu waukulu moti makondakitala a minibasi tinkawamva tsiku lonse. Ankafuna munthu wolemba Chichewa chomveka kwa mlimi. Mkulu wa ofesi anali a Mbewe, ang'ono kwa ine pa zaka, aatali, olimbikira, oyamba kufika m'mawa. Chinthu chimodzi chokha ankachiopa: opereka thandizo. Akamva kuti akubwera, ngakhale mapoto a maluwa ankapakidwa laimu.

Ntchito yathu inali ya katemera wa chitopa, matenda aja amene amatha khola lonse la nkhuku m'chilimwe. Katemerayo ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku. Kalabu iliyonse ya alimi inasankha munthu wotemera, ndipo inapatsidwa foni imodzi yosungidwa ndi wapampando. M'fonimo munali pulogalamu ya malangizo, imene achinyamata amati apu. Anaipanga anali mayi Tadala Phiri a ku Likuni, katswiri wa makompyuta, wa nthabwala, amene ankandinena kuti "akonzi" chifukwa ndinkamubwezera ziganizo zake ndi cholembera chofiira. Ine ndinalemba mawu onse. Tsamba loyamba linali ndi chithunzi cha nkhuku ndi kagwiridwe kake, kenako dontho, kenako kasungidwe ka botolo pamthunzi m'nsalu yonyowa. Pansi penipeni panali bokosi lofiira: "Musatemere nkhuku yodwala. Ngati nkhuku zayamba kale kufa pamalopo, lekani, imbani ku ofesi." Chifukwa chake n'chapafupi. Katemera sachiritsa, amangoteteza. Nkhuku imene yagwidwa kale imafa ndithu, ndipo mwini wake amanena kuti yaphedwa ndi dontho.

Tinayesa pulogalamuyo mu ofesi. Foni ikaimirira, tsamba lonse linkakwana pa sikirini. Tadala ankaitembenuza chopingasa, tsamba n'kudzikonza lokha, bokosi lofiira n'kusunthira pambali pa chithunzi. Tinaomba m'manja. Nthawi yophunzitsa otemera itakwana, mafuta a galimoto anasowa m'dziko. Makalabu a ku Nathenje tinawaphunzitsa mokwanira chifukwa tinkayenda pansi. A ku Mitundu anaphunzira mothamanga, galimoto ikudikira, ndipo anauzidwa kuti zotsalazo zili pa foni.

Chilimwe cha chaka chachiwiri, Mitundu

Mwambo wokhazikitsa pulogalamu m'makalabu onse utayandikira, kunabwera uthenga woipa. Pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa Mitundu, nkhuku za matenanti zinafa zambiri atangozitemera mayi Nankhoma, wotemera wa kalabu ya kumeneko. Muyenera kudziwa kuti tenanti, amene nthawi zambiri amachokera ku boma lina, munda si wake, nyumba si yake, fodya sadziwa kuti amupatsa chiyani mpaka atagulitsidwa. Chake chenicheni ndi nkhuku. Mayi mmodzi wa pa esitetipo, Abiti Juma, ananyamula tambala wake wakufa n'kukamuponya pakhomo pa mayi Nankhoma. Ku mjigo amayi ankasiya kulankhula iwo akafika. Ana ankawaimba kuti mayi wa dontho lakupha.

A Mbewe anandiitana. "A Mwale, zapezeka kuti nkhukuzo zinali zitayamba kale kudwala. Mayiyo sanatsate malangizo. Timuchotsa, ndipo mulembe kachikalata kachidule kopita kwa mafumu ndi kwa opereka thandizo. Inu ndi katswiri wa zimenezi." Ndinati, "Ndilemba, koma ndikaone kaye." Anati galimoto ilibe mafuta. Ndinati minibasi zilipo.

Ndinakwera minibasi ya ku tauni, ndinatsika pa mphambano, ndinakwera ina ya ku Mitundu, n'kumalizira pa kabaza. Mayi Nankhoma ndinawapeza akusenda mtedza pakhonde. Anali mayi wa zaka za pakati, wa maso akuthwa, ndipo ankaoneka kuti analira mpaka kutopa. Nditawauza chimene ndinadzera, sanazungulire. "Bambo, ine ndimawerenga. Ku msonkhano wa amayi ku tchalitchi, wowerenga mawu ndine. Zonse zimene zili pa foni ija ndinaziwerenga, ndinazibwerezanso. Akuti sindinatsate, nanga chimene ndinachidumpha ndi chiti?" Ndinatulutsa foni yanga m'thumba, ndinatsegula pulogalamu, ndinawalozera bokosi lofiira. Anawerenga milomo ikugwedezeka. Kenako anandiyang'ana. "Ichi ndikuchiona lero."

Mtolankhani amamva mawu amenewa kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri amakhala bodza. Ndinapempha kuona foni ya kalabu. Tinapita kwa wapampando, a Chimphepo, mkulu wa mpingo, nkhalamba yokonda kuseka, imene inkasunga foniyo m'chitini cha masikono. Anaitulutsa nafuna kundipatsa ine. Pamenepo ndinakumbukira a Kamwendo. Ndinati, "Ayi, bambo, apatseni amayiwa monga mumawapatsira masiku onse. Ine ndingoyang'ana."

Mayi Nankhoma anagwada, natambasula manja onse awiri. A Chimphepo anaigoneka foniyo pazikhato zawo, chopingasa, monga munthu amaikira mbale kapena buku la nyimbo. Mayiwo anaipendeketsa pang'ono kuti aone, nadina kachithunzi ka nkhuku ndi chala chachikulu. Ndinasuzumira paphewa pawo. Chithunzi chinalipo. Dontho linalipo. Nsalu yonyowa inalipo, ndipo tsamba linathera pomwepo. Bokosi lofiira kunalibe. Ndinayesa kukankha tsambalo ndi chala kuti likwere, koma silinasunthe. Linali lopindidwa pakati ngati nyuzipepala ya pamkono pa venda.

Ndinaitenga, ndinaiimika: bokosi linatulukira. Ndinaigonekanso: tsamba linadzikonza bwinobwino ngati mu ofesi. Ndinaitseka, ndinaigoneka, ndinatsegula: bokosi linasowa. Ndinafunsa mayiwo chifukwa chimene sankaiimikira akalandira. Anandiyankha ngati ndafunsa zachibwana. "Chinthu cha gulu, bambo, ndichigwire ndi dzanja limodzi ngati chimanga chootcha? Chikagwa ndikawauza chiyani anzanga? Komanso ikagona zilembo zimakula."

Ndinaimbira Tadala ndili pomwepo. Anati, "Akonzi, chopingasa tinayesa, munaomba m'manja nokha." Ndinati, "Tinayesa kuitembenuza itatseguka kale. Tatsekani, muigoneke, ndiye mutsegule." Anayesa. Kenako ndinamva, "Mayo ine!" Sanachedwe kupeza chimene chinavuta, ndipo anachifotokoza m'mawu amene ndinawamva ngakhale ine. Pulogalamuyo inkamvetsera foni ikatembenuzidwa, n'kukonza tsamba. Koma potseguka siinkafunsa kuti foni ili motani. Inkangoganiza kuti yaimirira, chifukwa ife tonse a mu ofesi tinkaitulutsa m'thumba ndi dzanja limodzi. Munthu woitsegula ili chigonere, osaitembenuzanso, ankapatsidwa tsamba lalitali pa sikirini yaifupi.

A Chimphepo anamvetsera zonsezi atagwira chibwano. "Ndiye mukuti, a Mwale, nkhukuzi zafa ndi ulemu wathu?" Ndinati, "Zafa ndi chitopa, bambo. Koma foni yathuyi sitinaiphunzitse ulemu." Anaseka mpaka kutsokomola. Mayi Nankhoma sanaseke. Anangofunsa kuti, "Ndiye anthu awauza ndani?"

Sabata ya mwambo

Funso limenelo ndinapita nalo kwa a Mbewe m'mawa mwake, Tadala alipo. Sindikufuna muwaone ngati munthu woipa, chifukwa mfundo yawo inali yolemera. Anati, "Ndamva. Mayi Phiri akonza mwakachetechete mwambo ukadutsa. Pakadali pano tiuza otemera kuti aziimika foni. Koma opereka thandizo akamva kuti cholakwa chili m'pulogalamu, atseka ntchito yonse, ndipo chaka chamawa palibe kalabu ipeze katemera. Mukuyeza mayi mmodzi ndi makalabu onse, a Mwale. Lembani chikalata chija."

Ndinadziwa kuti mgwirizano wanga wa ntchito unkatha chaka chomwecho, ndipo wouonjezera anali iwowo. Mayi anu anali atayamba kudwala miyendo, ndipo munthu wa imvi wochotsedwa kawiri salembedwanso. Zimenezi ndinaziganizira, sindikana. Koma ndinali nditakhala moyo wanga wonse ndikuchotsa ziganizo zabodza m'nkhani za anthu ena, ndipo sindikanamaliza ntchito ndi kulemba changa. Ndinati, "Bwana, chikalata ndalemba kale, koma ndi china. Chikunena zimene zinachitika. Ngati mukufuna chija, mulembe nokha, ndipo dzina langa lisaonekepo. Zoti otemera aziimika foni, kawauzeni ndinu kuti alandire chinthu kwa mkulu wa mpingo ndi dzanja limodzi."

Nkhope yawo inasintha. "Anthu angati amene amatsegula foni chogoneka? Mwaona mmodzi, mukufuna tiimitse mwambo?" Foni ya kalabu ija ndinali nditabwera nayo. Ndinaimirira, ndinazungulira tebulo, ndinawapatsa ndi manja awiri monga ndinaphunzitsidwira kwathu. A Mbewe anakulira kumudzi, ndipo ine ndinali wamkulu kwa iwo. Osaganiza n'komwe, anadzuka pang'ono pampando, natambasula manja onse awiri. Foni inagona pazikhato zawo. Ndinati, "Tatsegulani." Anadina. Anayang'ana sikirini, anayang'ana manja awo. Tadala analuma mlomo kuti asaseke. Pomaliza a Mbewe anati, "Tapitani panja nonse, ndiimbe foni." Anaimbira okha opereka thandizo, ndipo kudzera pazenera tinawamva akunena kuti mwambo uyambe wadikira. Ulemu umenewo ndimawapatsa mpaka lero.

Tadala anati panali njira yachidule: kuikhomera pulogalamu kuti izikhala choimirira nthawi zonse, foni igone kapena isagone. Ndinamufunsa kuti mayi Nankhoma aona chiyani. Anati aona tsamba lonse, koma zilembo zitagona cham'mbali. Tinayang'anana, ndipo iye anayamba kupotoza khosi ngati nkhuku ya chitopa, n'kunena kuti, "Ayi, akonzi, tisawadwalitse otemera." Anasankha njira yaitali. Pulogalamu ikamatseguka, isanajambule kalikonse, iyambe yafunsa kuti sikirini ndi yaitali kapena yotambalala, ndiye iike tsamba loyenera. Anakonzanso kuti tsamba lizitha kukankhidwa ndi chala ngati china chatsalira. Ine ndinapempha chimodzi: bokosi lofiira lichoke pansi, likhale pamwamba pa chithunzi cha nkhuku.

Magetsi anazima sabata imeneyo monga mwa chizolowezi. Tadala anasamukira ku malo ometera tsitsi oyandikana nafe, amene anali ndi sola, nakhala pakona ndi kompyuta pamiyendo, makina ometera akulira. Poyesa, sitinakhalenso pa tebulo. Tinaitana amayi ogulitsa tomato pamsewu, mlonda wathu, ndi dalaivala wina wa minibasi, aliyense alandire foni mmene amalandirira. Ina tinaigoneka pamphasa, ina tinaitsamiritsa pa ndowa, ina tinaitsegula mutu uli pansi. Bokosi lofiira linkatuluka loyamba. Popeza kumidzi anthu analibe mabandulo a intaneti, tinaitanitsa mafoni a makalabu pa tsiku la msika pa Mitundu, ndipo tinawathira pulogalamu yatsopano pansi pa mtengo, foni ndi foni.

Chotsala chinali funso la mayi Nankhoma. A Mbewe anapeza mafuta, sindikudziwa kuti, ndipo tinapita pa esiteti paja. Matenanti anasonkhana pafupi ndi chigafa cha fodya. A Mbewe anaimirira mayi Nankhoma ali pambali pawo, nanena poyera kuti nkhuku zinali zitagwidwa kale ndi chitopa, kuti chenjezo loletsa kutemera silinaoneke pa foni chifukwa cha ife a ku ofesi, ndipo kuti mayiwa anachita ndendende zimene anapatsidwa. Foni ya pulogalamu yakale ndi ina ya pulogalamu yatsopano zinayenda m'manja mwa anthu. Sikuti onse anakhutira. Abiti Juma anati, "Zamveka, bwana. Nanga tambala wanga adzuka?" A Mbewe anati sadzuka. Abiti Juma anati, "Basi, bola mwanena zoona," nanyamuka kupita kumunda. Sanapepese, ndipo palibe anamukakamiza.

Mwambo unachitika mochedwa, alendo ake ochepa. Opereka thandizo sanatseke ntchito, koma anatitumizira mafunso ambiri moti a Mbewe sanandilankhule bwino kwa kanthawi. Mgwirizano wanga anauonjezera. Mayi Nankhoma sanachotsedwe. Katemera wotsatira atafika, matendawo atadutsa, ndinapita kukaonerera. Pamzere panali Abiti Juma ndi timisoti titatu m'dengu, timene anapatsidwa ndi abale ake. Mayi Nankhoma anatemera tiwiri. Kachitatu anakayang'ana, anaona mapiko atagwa, nakabwezera. "Aka ayi, mayi. Kakudwala. Kapatuleni." Abiti Juma anatsutsa kuti kangotopa ndi ulendo. Mayi Nankhoma anamutembenuzira foni. Mayiyo anayang'ana bokosi lofiira, anang'ung'udza, n'kukabweza m'dengu.

Nditapuma

Ndinapuma pa ntchito zaka zochepa pambuyo pake. Tadala tsopano ali ndi anthu ake amene amawalamula, ndipo anandiuza kuti pulogalamu iliyonse imene amapanga, kuyesa koyamba amaitsegula foni ili chigonere. Akuti antchito ake amakutcha kuyesa kwa a Mwale. Sindinamukanize.

Chilimwe chathachi ndinapita ku msika wa Mitundu kukagula mbewu ya mtedza. Ndinamva munthu akuitana, "Bambo a ku Nathenje!" Anali mayi Nankhoma, dengu la katemera pamutu, nsalu yonyowa ikudontha. Tsopano ndiwo amaphunzitsa otemera atsopano a makalabu a kumeneko. Anati pulogalamu inasinthidwanso, muli zithunzi zatsopano, ndione. Anamasula foni pansonga ya chitenje, anawerama pang'ono, nandipatsa ndi manja awiri. Ndinaika thumba la mtedza pansi, ndinalandira ndi awiri anga, ndinadina kankhuku. Bokosi lofiira linali pamwamba.